KUPIMA MWAZI WA GALU WOLANDIRA KWA ENA

Mlimi wanzeru akagula ng'ombe kumudzi wina salola kuti ilowe m'khola mwake a ziweto asanaione. Koma galu akafika pakhomo, kapena wogula kapena wopatsidwa ndi mbale, anthu ambiri angomuponyera mkute ndi kumucha dzina, nkhani nithera pomwepo. Komatu galu agona pakhonde, asewera ndi ana, ndipo alowa m'chire mmene muli nkhupakupa ndi nchenche zoluma. Matenda ambiri amene iye abwera nao saoneka pa khungu, abisala m'mwazi. Phunziro ili linena za kupima mwazi wa galu wacilendo, ndipo citsanzo cake ndi galu wa mtundu wa greyhound, pakuti mwazi wa galu ameneyu uphunzitsa cinthu cimene mwini ciweto aliyense ayenera kucidziwa.

Galu wa greyhound

Greyhound ndi galu wa miyendo itali, wa cifuwa cakuya ndi mimba yolowa m'kati. Pa agalu onse palibe womposa liwiro, pakuti akhoza kuthamanga pafupi makilomita 70 pa ola. Kale anali galu wosakira akalulu, koma m'caka ca 1926 ku Manchester, m'dziko la Britain, anatsegula bwalo la Belle Vue kumene agaluwa anapikisana pothamangitsa kalulu wa makina, anthu nabecha ndalama. Masewerawa anakula kwambiri ku Britain, ku Ireland, ku Australia ndi ku America.

Galu wa mpikisano aleka nchito ali ndi zaka 3 kufikira 5, koma akhoza kukhala ndi moyo zaka zoposa 10. Cifukwa cace kunabadwa mabungwe ofunira agalu opuma nchitowa mabanja owalera. Limodzi la iwo ndi Greyhound Trust la ku Britain, limene linayamba mu 1975. Ku Florida, m'dziko la America, anthu anavota mu 2018 kuti mipikisano ithe pofika kumapeto kwa 2020, ndipo agalu ambiri anafunika eni atsopano. Madokotala a ziweto a m'maiko amenewa alangiza banja lolandira galu wotere kuti likapimitse mwazi wake msanga, ngakhale iye aoneke wamoyo ndi wokondwa. Ku America kunapezeka kuti agalu ambiri ocokera kumabwalo a mpikisano anali ndi tizirombo ta nkhupakupa m'mwazi popanda cizindikiro ciliconse. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kapimidwe kake

Dokotala atenga mwazi pa mtsempha wa mwendo wakutsogolo kapena wa pakhosi, ndipo kasupuni kamodzi ka tiyi kakwanira. Galu samva kupweteka koposa kulasa kwa singano. Mwaziwo authira m'timabotolo, ndipo kena ka ito kali ndi mankhwala oletsa mwazi kuundana.

Kupima koyamba ndiko kuona kuculuka kwa maselo ofiira, tinthu tating'ono timene tinyamula mpweya wabwino kucokera m'mapapo kunka m'thupi lonse. Mwazi aulowetsa m'kacubu kagalasi koonda ngati udzu, naupukusa m'makina mphindi 5. Pamenepo upatukana: maselo ofiira atsikira pansi, madzi acikasu natsala pamwamba. Dokotala ayesa kuti pa magawo 100 a mwazi, ofiira ndi angati.

Kupima kwaciwiri ndiko kupaka kadontho ka mwazi pa kagalasi, kawirikawiri kocokera kunsonga ya khutu, kukathira utoto ndi kukaona pa maikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Apa ndi pamene tizirombo tioneka. Kupima kwina kuwerenga maselo oyera, amene amenyana ndi matenda, ndi timaselo tothandiza mwazi kuundana pa bala. Kulinso kupima kosonyeza mmene impso ndi ciwindi zigwirira nchito.

Mwazi wa greyhound usiyana ndi wa agalu ena

Galu wamba wamoyo ali ndi magawo 37 kufikira 55 a maselo ofiira. Greyhound wamoyo ali ndi magawo 50 kufikira 65, cifukwa thupi lake lifuna mpweya wambiri pothamanga. Tsono agalu awiri akapimidwa, onse napezeka ndi magawo 40, galu wamba ali bwino ndithu, koma greyhound wataya mwazi wambiri ndipo ayenera kufufuzidwa tsiku lomwelo. Nambala ndi imodzi, koma kwa wina inena moyo, kwa wina inena matenda.

Kulakwa kungacitikenso mbali inayo, ndiko kuyesa galu wamoyo wodwala. Greyhound mwa cibadwa cake ali ndi maselo oyera ocepa, ndiponso timaselo toundanitsa mwazi ticepa kuposa mwa agalu ena. Munthu wosadziwa mtunduwu akaona zimenezi aganiza kuti galu ali ndi matenda a nkhupakupa. M'mwazi mwake mulinso creatinine woculuka, ndico cinyalala cimene minofu itulutsa ndipo impso zicicotsa. Mwa galu wamba kukwera kwake kusonyeza kuti impso zafooka, koma mwa greyhound kukwera pang'ono kucokera ku kukula kwa minofu yake. Cimodzimodzi madzi ocokera m'kanthu ka pakhosi kochedwa thyroid acepa mwa iye, ndipo agalu ena akhala akumwetsedwa mankhwala a thyroid osawafuna konse.

Pali cinthu cinanso cimene dokotala ayenera kucidziwa asanamng'ambe kapena kumfula galu wotere. Agalu ena a mtunduwu aukha mwazi pa bala patapita tsiku limodzi kapena awiri, ngakhale kupima konse kunaonetsa kuti ali bwino. Koma mwazi womwewo uli ndi ubwino wake: popeza uli ndi maselo ofiira ambiri, ndipo wa ambiri a iwo ugwirizana ndi wa agalu ena, madokotala autenga kupulumutsira agalu ovulala ndi odwala.

Cimene mlimi angaphunzirepo

Agalu a greyhound enieni si ambiri m'midzi. Koma ku South Africa alenje ena aweta agaluwa ndi ana ao osakanizika, ndipo galu wa miyendo itali wocokera ku mtundu wotere akhoza kutengera zina za mwazi wa makolo ake. Mwini galu wotere auze dokotala za mtundu wake asanayambe kupima.

Phunziro lalikulu likhudza galu aliyense. Nambala ya pa pepala siingathe kunena yokha ngati ciweto cili bwino. Iyenera kulinganizidwa ndi mtundu wa ciwetoco, ndipo koposa zonse ndi nambala ya ciweto comweco pamene cinali camoyo. Galu amene anapimidwa atangofika napezeka ndi magawo 50, ndipo patapita caka apezeka ndi 38, wataya mwazi, ngakhale 38 ili m'malire a galu wamba. Wopanda pepala loyamba sangazindikire zimenezi. Ndico cifukwa cake nthawi yabwino yopimitsa galu ndi pamene asanadwale.

Matenda amene mwazi uonetsa m'Zambia

Oyamba ndi malungo a nkhupakupa. Kacirombo kochedwa Babesia kalowa m'maselo ofiira ndi kuwaswa. Galu atentha thupi, aleka kudya, nkhama zake ziyera kapena zisanduka zacikasu, ndipo mkodzo ufiira. Wosalandira mankhwala akhoza kufa m'masiku owerengeka. Kacirombo kena, Ehrlichia, kalowa m'maselo oyera nikacepetsa timaselo toundanitsa mwazi. Galu aonda pang'onopang'ono ndipo nthawi zina atuluka mwazi m'mphuno. Mankhwala ake ndi doxycycline, womwa masiku 28 osadumpha. Matenda awiriwa afanana poyamba, koma mankhwala ao ndi osiyana, ndipo ndi mwazi wokha umene uwasiyanitsa.

Ena ndi kaodzera, amene abwera ndi nchenche za kashembe, zimene ambiri azicha tsetse. Matendawa apezeka m'cigwa ca Luangwa ndi m'madera ena oyandikana ndi nkhalango za nyama. Galu wodwala atupa nkhope ndi mwanabere, aonda, ndipo diso lake licita mtambo woyera kufikira aleka kuona. Agalu a mitundu yacilendo adwala msanga ndi kufa kuposa agalu a m'midzi, amene ena a iwo anyamula tizirombo osaoneka odwala. Mu 2014 akatswiri a pa University of Zambia anafalitsa zimene anapeza atapima agalu oposa 200 m'midzi ya m'boma la Mambwe. Ena mwa agaluwo anali ndi tizirombo ta kaodzera, ndipo pakati pa ito panali mtundu umene udwalitsa anthu. Munthu satenga kaodzera pogwira galu. Nchenche ndiyo iluma galu nikaluma munthu. Cotero galu akapezeka ndi matendawa, mudzi wonse wacenjezedwa, ndipo munthu wa malungo osamva mankhwala apite kucipatala akanene kuti kwao kuli kashembe.

Njoka za m'mimba nazo zimwa mwazi, makamaka mwa tiana ta agalu. Mwazi uonetsa kucepa kwake, koma mazira a njokazo apezeka popima ndowe, cotero ndi bwino kupimitsa zonse ziwiri tsiku limodzi.

Cenjezo pa mankhwala a ng'ombe

Alimi ambiri asunga Berenil wa ng'ombe zao, ndipo ena akaona galu wafooka amlasa mankhwala omwewo moyerekeza ndi maso. Ici ndi cinthu coopsa. Mankhwalawa acizadi Babesia, koma mwa galu mlingo wociza uyandikana kwambiri ndi mlingo wopha. Ukapyola pang'ono uononga ubongo: galu adzandira, apindika khosi, agwa, nafa. Kubwereza mankhwalawa patangopita masiku ocepa kubweretsa tsoka lomwelo. Ndiponso Berenil saciza Ehrlichia, cotero galu angafe ndi mankhwala a matenda amene analibe. Galu ayenera kuyesedwa pa sikelo, ndipo wolasa akhale wa ziweto wodziwa mlingo.

Cimene mwazi sungaonetse

Ciwewe sicipezeka popima mwazi wa galu wamoyo. Cidziwika popima ubongo galu atafa. Pepala lonena kuti mwazi uli bwino silinena kanthu za ciwewe, ndipo munthu asanyengedwe nalo. Cochinjiriza ndi katemera yekha, amene lamulo la dziko lifuna kuti galu aliyense alandire. Kagalu katemeredwa kakafika miyezi 3, ndipo katemera abwerezedwa monga a ziweto alangizira. Wolandira galu afunse cikalata ca katemera. Ngati palibe, galuyo atemeredwe msanga. Munthu akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, ndipo apite kucipatala tsiku lomwelo, pakuti ciwewe cikayamba kuoneka mwa munthu palibe mankhwala ocizira.

Zoyenera kucita wolandira galu

1. Afunse mwini wakale zaka za galu, mtundu wake, kumene anakhala, matenda amene anadwalapo ndi mankhwala amene analandira.

2. Amsunge payekha masiku oyamba, amcotse nkhupakupa ndi utitiri, ndipo aone kadyedwe kake, mkodzo wake ndi mtundu wa nkhama zake. Nkhama za galu wamoyo ndi zofiirira.

3. Aonane ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lake kapena ofesi ya ziweto ya pa boma m'sabata ziwiri zoyamba. Kupima kumene sikungatheke pafupi, a ziweto adziwa kotumiza mwazi, monga ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral, pafupi ndi Lusaka, kapena ku sukulu ya madokotala a ziweto ya pa University of Zambia.

4. Tsiku lopima galu asadye kuyambira usiku wake, koma madzi amwe. Asathamange m'mawa mwake, cifukwa kuthamanga kucititsa kapamba kutulutsa maselo ofiira ambiri ndipo nambala ikwera monyenga.

5. Apemphe kuti manambala alembedwe pa pepala pamodzi ndi tsiku lake, nalisunge pamalo amodzi ndi cikalata ca katemera ndi makalata a ng'ombe.

6. Abwereze kupima kamodzi pa caka, makamaka kwa galu wokalamba ndi wokhala kufupi ndi kashembe. Galu akaleka kudya masiku awiri, kapena nkhama zikayera, asadikire kuti caka cithe.

Galu alonda nkhokwe usiku, apirikitsa anyani m'munda, ndipo acenjeza pakhomo pakafika fisi kapena mbala. Mtengo wopimitsa mwazi wake ndi wocepa poulinganiza ndi nchito imeneyi. Amene afuna kudziwa mtengo wake ndi masiku a katemera wa ciwewe m'dera lao afunse kwa mlangizi wa ziweto kapena kwa mfumu ya mudzi.