Mapesi Asunga Madzi M'munda

Mtsinje wa Rivirivi umadutsa m'boma la Balaka ndi kukathira mu Shire. M'dera limeneli mvula imavuta, koma ikagwa yamphamvu madzi a mtsinjewu amafiira ndi dothi lochokera m'minda.

Mlimi akatentha mapesi ndi kugalauza nthaka, munda umatsala pamtetete. Madontho a mvula amaphwanya dothi, natseka timayenje toloŵera madzi. Tsono madziwo amathamanga, nakokolola chonde, ndipo kukachita ng'amba chimanga chimafota msanga.

Mlimi wanzeru amayala mapesi m'munda, nabzala osagalauza. Mapesiwo amatchinjiriza nthaka, amachedwetsa madzi kuti aloŵe pansi, ndipo akaola amasanduka manyowa.

Mafunso
1. Kodi mtsinje wa Rivirivi umathira kuti?
2. N'chifukwa chiyani madzi ake amafiira?
3. Tchulani ntchito zitatu za mapesi.