Tiyeni Tikaone Linga la Kakowa ku Himeji

Anzanga, sabata ino phunziro lathu likutitengera ku Japan. Za thiransipoti musadandaule, tiyenda ndi maso basi. Mzinda wake ndi Himeji, m'chigawo cha Hyogo, kumadzulo kwa Osaka ndi Kobe. Kuchokera ku Osaka, sitima yothamanga kwambiri ya Shinkansen imatenga mphindi pafupifupi 30.

Ukangotuluka pa siteshoni, kutsogolo kwako kuli msewu waukulu wotchedwa Otemae. Kumapeto kwake, pamtunda wa kilomita imodzi, paphiri laling'ono, pali chinyumba choyera mbee! Limeneli ndi linga la Himeji, nyumba yankhondo ya mafumu akale. Eni ake amalitcha Shirasagi-jo, kutanthauza Linga la Kakowa Woyera, poti limaoneka ngati kakowa wotambasula mapiko.

Analimanga ndani?

Paphiripa panali kalinga kuyambira zaka za m'ma 1300. Mu 1600, Tokugawa Ieyasu atapambana nkhondo ya ku Sekigahara, anapereka derali kwa mkamwini wake, Ikeda Terumasa. Iyeyu ndiye anamanga nsanja yaikulu imene alendo amaiona lero. Ntchito inayamba mu 1601 n'kutha mu 1609. Nsanjayi ndi yamatabwa, yakhala pa maziko a miyala, ndipo zonse pamodzi n'zotalika mamita pafupifupi 46. Linga lonse lili ndi nyumba zoposa 80.

Kukongola kwake kuli ndi ntchito

Apa ndiye pagona phunziro. Zambiri zimene alendo amajambula poti n'zokongola, amisiri anazipanga poganizira mdani.

Choyamba, kuyera kuja si penti wodzionetsera ayi. Ndi pulasitala wa laimu amene anamata pa makoma kuti matabwa asagwire moto msanga.

Chachiwiri, njira yochoka pa geti kupita ku nsanja ndi yokhotakhota. Nsanja ukuiona poteropo, koma njira ikukutembenuzira kwina, kenaka ikupanikiza pa kageti kakang'ono. Cholinga chinali choti adani asochere, achedwe, alowe ochepaochepa uku akulasidwa.

Chachitatu, m'makoma muli timabowo pafupifupi 1,000: tozungulira, ta ngodya zitatu ndi ta ngodya zinayi. Ukhoza kuyesa zokongoletsa, eti? Ayi ndithu, m'menemo ankatulutsiramo mfuti ndi mivi. Palinso mipata yoyang'ana pansi yogwetsera miyala pa munthu wokwera khoma.

Chachinayi, ukaiwerenga uli panja, nsanjayi imaoneka ya zipinda zosanja zisanu. Koma m'kati zilipo zisanu ndi chimodzi, kuphatikizanso china chapansi m'maziko. Polowa umavula nsapato n'kuzinyamula m'jumbo. Masitepe ake ndi amatabwa, otsetsereka kwambiri, moti wothamanga amafika pamwamba ali wefuwefu.

Chodabwitsa n'chakuti misampha yonseyi sinayesedwepo pa nkhondo yaikulu. Nsanja itangotha, Japan inalowa m'nyengo ya mtendere ya zaka zoposa 200.

Lapulumuka bwanji?

Ulamuliro wa asamurai utatha mu 1868, malinga ambiri anagwetsedwa poti analibenso ntchito. Ena anapsa pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Lero m'Japan monse mwatsala nsanja zakale zenizeni 12 zokha, ndipo ya Himeji ndiyo yaikulu pa zonse. Mu July 1945 mabomba anatentha mbali yaikulu ya mzindawu, koma linga linatsala chiimire. Chivomezi chimene chinagwetsa nyumba zambiri ku Kobe mu 1995 nachonso sichinaligwetse.

Komabe mwayi wokha sukadakwanira, chifukwa matabwa amaola ndipo pulasitala amasweka. Kuyambira 1956 mpaka 1964 amisiri anaphwasula nsanja yonse, n'kusintha matabwa oola, n'kuimanganso monga inalili. Kuyambira 2009 mpaka 2015 anakonzanso denga ndi makoma. Mu 1993 bungwe la UNESCO linaika lingali pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse. Pa mndandanda womwewo pali zojambula zakale za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zimene zinalowapo mu 2006. Ndiye mukadzapitako, chonde osalemba dzina lanu pa mwala!

Kwina kokaona

Pafupi ndi linga pali munda wa Koko-en umene unatsegulidwa mu 1992. Uli ndi timinda 9, tina tokhala ndi maiwe a nsomba, pamalo pomwe kale panali nyumba za asamurai. Kunja kwa mzinda kuli phiri la Shosha, pomwe pali kachisi wa Chibuda wa Engyo-ji, amene anakhazikitsidwa mu 966. Kumeneko anajambulako mbali ina ya filimu ya The Last Samurai. Nthawi yodzaza alendo ndi kumayambiriro kwa April, mitengo ya sakura ikachita maluwa kuzungulira linga.

Dziyeseni, osakopera kwa mnzanu

1. N'chifukwa chiyani makoma a lingali ndi oyera?
2. Kuyambira 1609 mpaka chaka chino papita zaka zingati?
3. Kwanuko, ndi chinthu chiti chakale chimene chikuonongeka anthu akungoyang'ana? Ndani ayenera kuchikonza?