Phunziro 9: Kalata yokana mlandu mwaulemu: chitsanzo cha tikiti ya chindapusa ku Randburg

Mawu oyamba

M'phunziro lino muona mtundu wa kalata umene ophunzira athu ambiri amaulemba molakwika ngakhale chiyankhulo akuchidziwa bwino. Iyi ndi kalata yopita kwa akuluakulu a boma, yopempha kuti asinthe chigamulo chawo. Chitsanzo chathu tachitenga ku Randburg, dera la kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg, kumene kuli abale athu ambiri ogwira ntchito m'nyumba, m'minda ya maluwa ndi yoyendetsa galimoto. Kaya mukuphunzitsa ku Mzimba, ku Chipata, ku Tete kapena ku Johannesburg komweko, luso limene muphunzire pano ndi limodzi.

Zolinga

Pomaliza pa phunziroli:

- mufotokoze njira imene munthu amatsata pokana tikiti ya chindapusa ku Johannesburg
- musiyanitse mawu opepesa ndi mawu opereka chifukwa
- mutsogolere ophunzira anu kulemba kalata yaulemu koma yosavomera mlandu

Zimene lamulo likunena

Milandu yaing'ono ya pamsewu ku Johannesburg, kuphatikizapo kuimika galimoto pamalo oletsedwa, imayendetsedwa ndi lamulo la AARTO. Lamuloli ndi la nambala 46 la chaka cha 1998, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2008 m'mizinda iwiri, Tshwane ndi Johannesburg. Panali mkangano waukulu m'makhoti wokhudza lamuloli, koma mu Julayi 2023 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti ndi lovomerezeka.

Tikiti amalemba ndi apolisi apamsewu a mzindawu, a JMPD, koma madandaulo amapita ku bungwe lina la RTIA. Munthu akalandira tikiti amakhala ndi masiku 32. Akalipira m'masiku amenewa amalipira theka la chindapusa. Akangokhala chete, amalandira kalata yokumbutsa, mwayi wa theka uja umatha, ndipo ndalama zina zimawonjezeredwa. Masiku ena 32 akadutsa pamatuluka lamulo lokakamiza kulipira, ndipo munthuyo sangathenso kugula disiki yatsopano ya laisensi ya galimoto yake. Kwa dalaivala wonyamula katundu wa anthu, apa ndiye kuti ntchito yaima.

Amene akuona kuti sanalakwe amalemba pa fomu ya AARTO 08. Ngati pa tsikulo galimoto ankayendetsa ndi munthu wina, pali fomu ina, ya AARTO 07, yotchulira munthuyo. Fomu iyi ndi yofunika chifukwa lamulo la pamsewu la 1996 limatenga mwini galimoto ngati ndiye anaiimika, pokhapokha pakhale umboni wotsutsa. Dziwaninso kuti zolemba za pa AARTO 08 ndi zolumbirira. Wolembayo amasaina pamaso pa munthu wololedwa kulumbiritsa, monga wapolisi pa siteshoni, ndipo kulembapo bodza ndi mlandu waukulu kuposa wa tikitiyo.

Chichewa sichili m'gulu la ziyankhulo 12 zovomerezeka ndi boma la South Africa, choncho fomuyi ophunzira anu adzailemba m'Chingerezi. Komabe maganizo amayambira m'chiyankhulo cha kunyumba, ndipo vuto limene tikuliona limayambira komweko.

Ntchito 1

Dalaivala wina galimoto yake inazima yokha mu msewu wa Bram Fischer Drive, pamalo pamene pali mzere wachikasu m'mbali mwa msewu. Anapita kukafuna galimoto yokoka, ndipo pobwerera anapeza tikiti pagalasi. Werengani ndime ziwiri izi zimene iye akanatha kulemba.

Ndime A: "Bwana, ndikugwira mwendo wanu. Ndikudziwa kuti ndinalakwa kuimika galimoto pamalo paja, koma chonde mundikhululukire. Ndine mlendo m'dziko muno, ndili ndi ana anayi ndipo ndalama imene ndimapeza ndi yochepa. Sindidzachitanso."

Ndime B: "Pa tsiku lomwe lalembedwa pa tikitiyi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, galimoto yanga inazima ndikuyenda mu Bram Fischer Drive ku Randburg ndipo inakana kuliranso. Ndinaikankhira m'mbali kuti isatseke msewu, ndinayatsa magetsi ochenjeza, ndipo ndinapita kukaitana galimoto yokoka. Inachotsedwa pamalopo ola limodzi lisanathe. Ndaphatikiza lisiti la okoka galimoto ndi la makaniko amene anaikonza. Popeza galimotoyo inaima pa chifukwa chimene sindikanatha kuchiletsa, ndikupempha mwaulemu kuti tikitiyi ichotsedwe."

Yankhani m'kope lanu: Kodi ndi ndime iti imene ikumveka yaulemu kwambiri m'khutu la Mchewa? Nanga ndi iti imene ikupatsa wowerenga chifukwa chochotsera tikiti?

Kupepesa ndi kupereka chifukwa

Mwina mwayankha kuti ndime A ndiyo yaulemu. Pabwalo la mfumu ndi momwemodi. Munthu wodzichepetsa, wogwira mwendo, nthawi zambiri amachepetseredwa chindapusa, chifukwa mfumu imamudziwa iye ndi mtundu wake, ndipo cholinga cha bwalo ndi kuyanjanitsa anthu amene mawa adzakumana pamaliro kapena pachitsime. Kumeneko kukana mlandu mouma khosi kumakulitsa nkhani.

Mlembi wa ku RTIA sali ngati mfumu. Iye wolembayo samudziwa ndipo sadzamuona. Lamulo limamufunsa funso limodzi: kodi pali chifukwa chomveka chakuti munthuyu asalipire? Ana anayi ndi kuchepa kwa malipiro ndi zoona, koma sizikuyankha funsoli. Choipa kwambiri ndi chakuti mawu akuti "ndikudziwa kuti ndinalakwa" alembedwa pa pepala lolumbirira. Dalaivala uja wavomera ndi dzanja lake mlandu umene sanapalamule.

Tsopano onani aneni awiri awa: kuima ndi kuimika. Mu ndime A wolembayo akuti "kuimika galimoto", kusonyeza kuti iye ndiye anachita mwakufuna kwake. Mu ndime B akuti "galimotoyo inaima". Kusiyana kumeneku si kwa kalembedwe chabe. Lamulo la pamsewu la 1996, pomasulira mawu a Chingerezi akuti park, limanena kuti ndiko kusiya galimoto pamalo amodzi nthawi yaitali kuposa yofunika pokweza kapena kutsitsa anthu ndi katundu, koma limachotsapo galimoto imene yaima pa chifukwa chimene woiyang'anira sakanatha kuchiletsa. Choncho chiganizo chomaliza cha ndime B chatsamira pa tanthauzo la mawu amodzi a m'lamulo. Ophunzira akaona zimenezi amazindikira kuti kusankha mneni kungathe kupulumutsa ndalama ya chakudya cha sabata.

Ulemu mu ndime B sunatayike. Uli m'mawu akuti "ndikupempha mwaulemu", uli m'kusanyoza wapolisi amene analemba tikiti, ulinso m'kusataya nthawi ya wowerenga. Ophunzira ena akamva kuti asapepese amalumphira mbali inayo n'kuyamba kukalipa, kunena kuti apolisi amazonda alendo. Mawu otere nawonso sayankha funso la mlembi uja.

Dongosolo loti muphunzitse

Kalata yotere ikhale ndi magawo anayi, motsatana chonchi:

1. Chizindikiro cha mlandu: nambala ya tikiti, nambala ya galimoto, tsiku, nthawi ndi malo.
2. Zimene zinachitika, motsata nthawi, chiganizo chilichonse chikhale ndi mfundo imodzi.
3. Umboni: malisiti, zithunzi za malowo zoonetsa mzere wa pamsewu kapena chikwangwani. Kumbutsani ophunzira kuti mzere wofiira m'mbali mwa msewu umaletsa kuima kumene, pamene wachikasu umaletsa kuimika.
4. Pempho limodzi lomveka bwino.

Yambani ndi kukambirana pakamwa m'Chichewa. Wophunzira mmodzi afotokoze nkhani momwe angaifotokozere kwa mnzake, enawo alembe ziganizo zake pabolodi. Kenako onse pamodzi asanthule chiganizo chilichonse pofunsa kuti: kodi ichi ndi chochitika, umboni, pempho, kapena kudandaula chabe? Zodandaula zifufutidwe. Zotsalazo ndizo zimasuliridwe m'Chingerezi. Mukayamba ndi kumasulira musanasefe, "ndikugwira mwendo wanu" amalowa m'Chingerezi ngati kuvomera mlandu.

Musawalonjeze ophunzira kuti kalata yabwino nthawi zonse imapambana. Mlembi angathe kuikana. Komanso amene anaimikadi galimoto pamalo oletsedwa achita bwino kulipira theka masiku 32 asanathe kusiyana ndi kupeka nkhani. Awuzeninso kuti aziwerenga zonse zolembedwa pa tikiti, chifukwa malangizo ndi masiku zimakhala pomwepo.

Ntchito 2

1. Mayi wina anabwereketsa galimoto yake kwa mchimwene wake, amene anaiimika molakwika pafupi ndi siteji ya minibasi ya ku Randburg. Tikiti yabwera m'dzina la mayiyo. Kodi agwiritse ntchito fomu iti, ndipo chifukwa chiyani?
2. Lembani mawu asanu opepesera amene anthu a m'dera lanu amagwiritsa ntchito. Pa mawu aliwonse, nenani ngati akuvomera mlandu kapena akungosonyeza ulemu.
3. Konzani phunziro la mphindi 40 logwiritsa ntchito dongosolo la magawo anayi lija pa nkhani ya kwanuko, monga bilu ya madzi yolakwika kapena chindapusa cha pamsika. Tumizani chikonzerocho kwa mlangizi wanu pamodzi ndi kalata imodzi yolembedwa ndi wophunzira, mutafufuta dzina lake.

Kuomba mkota

Mwaona kuti ku Johannesburg munthu amakana tikiti polemba mawu olumbirira pa fomu ya AARTO 08, ndipo kuti masiku 32 oyambirira ndi ofunika kwambiri. Mwaonanso kuti kupepesa kumene kumathandiza pabwalo la mfumu kumasanduka kuvomera mlandu kukalembedwa pa fomu ya boma. M'phunziro lotsatira mugwiritsa ntchito magawo anayi omwewa polemba kalata yodandaula kwa bwana wa pantchito.