Nyumba igulidwe liti pamene kwacha ikugwa?

Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imene inkagulidwa pa K1,180 inafika pa K1,700. Chaka cham'mbuyo mwake, mu May 2022, kwacha inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Munthu amene anasunga ndalama zake kubanki kudikira kuti mitengo ya nyumba ku Area 25 kapena ku Machinjiri itsike, anadzuka ndalamazo zitachepa mphamvu, eni nyumba atakweza mitengo, ndipo simenti ndi malata zitakweranso. Koma amene anathamangira ngongole nayenso sanagone tulo: pofika February 2024, chiwongoladzanja chimene banki yayikuluyi imayika chinafika pa 26 peresenti, kuchoka pa 14 peresenti mu 2022.

Palibe amene angalosere molondola tsiku limene msika ukhale bwino. Chimene wofuna nyumba angathe kudziwa ndi mmene thumba lake lilili, ndipo ntchito iyambire pamenepo.

Choyamba adzifunse kuti ndalama zogulira zichokera kuti, chifukwa yankho la funso ili ndilo limanena nthawi. Amene ali nazo kale m'manja, kaya ndi za penshoni, za bizinesi kapena zogulitsa fodya, kudikira kumamudyera, pakuti mitengo ya zinthu ikamakwera msanga kwacha yosungidwa imasungunuka. Iyeyu asazengereze akapeza nyumba ya mapepala abwino. Amene amalandira ma randi ku Joni kapena mapaundi ku Britain ali ndi mpata wopumira pang'ono, popeza ndalama zake sizigwa pamodzi ndi kwacha. Wodalira ngongole ndiye ayenera kukhala pansi ndi cholembera.

Masamu ake ndi awa. Ngongole ya K50 miliyoni, pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti, yobweza zaka 15, imafuna pafupifupi K1.26 miliyoni mwezi uliwonse. Pakatha zaka zisanu munthu amakhala atapereka pafupifupi K76 miliyoni, koma ngongole yotsala imakhala ikadali pafupifupi K48 miliyoni. Zaka zoyambirira, pafupifupi zonse zimene amalipira ndi chiwongoladzanja. Kuonjezera apo, ngongole zambiri za nyumba zimatsata chiwongoladzanja cha pamsika: chikakwera, zobweza pamwezi zimakweranso. Choncho asanasayine afunse banki kuti imuwerengere zobweza ngati chiwongoladzanja chitakwera ndi 5 peresenti, afunsenso ngati pali chilango akafuna kumaliza ngongole nthawi isanakwane. Ngati zobwezazo zikudya kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a pabanja, nthawi yake sinakwane. Nyumbayo ndiyo chikole, ndipo banki imagulitsadi munthu akalephera.

Akatha apo ayerekeze ndi lendi. Atenge lendi ya chaka chonse ya nyumba yofanana ndi imene akufunayo, ayike pambali pa chiwongoladzanja cha chaka chimodzi. Kawirikawiri m'mizinda yathu lendi imapezeka yotsika kwambiri. Anthu amakonda kunena kuti lendi ndi kutaya ndalama, koma chiwongoladzanja nachonso sichibwerera. Wogwira ntchito imene amasamutsidwa pafupipafupi, ngati wapolisi kapena namwino, aganizirenso ngati akhaladi mumzindawo zaka zosachepera zisanu, chifukwa nyumba siigulika msanga ngati galimoto.

Ambiri akawerenga chonchi amapeza kuti njira yawo ndi imene makolo akhala akutsata kuyambira kale: kupeza poloti, kumanga pang'onopang'ono. Lero maziko, chaka chamawa khoma, kenako denga. Njirayi imasandutsa kwacha kukhala njerwa ndi malata isanathe mphamvu, popanda ngongole yayikulu. Koma ili ndi msampha wake. Nyumba yopanda denga imaonongeka ndi mvula, ndipo simenti siisungika miyezi yambiri, imauma. Ndi bwino kumanga yaying'ono imene ingafoleredwe m'chilimwe chimodzi, banja n'kulowamo, ndalama ya lendi n'kuyamba kugwira ntchito yomalizira. Poloti ya lizi imakhalanso ndi nthawi yoikika yoti munthu akhale atamanga, ndiye awerenge bwino pepalalo.

Tsopano nkhani ya mapepala, pamene anthu ambiri amalirira. Msika ukasokonekera, madobadoba amachuluka, ndipo mawu awo ndi amodzi: pali wina akubwera ndi ndalama mawa. Wogula asatekeseke ndi mawu amenewa. Adziwe kaye mwini malo weniweni: kodi ndi a Unduna wa Zamalo, a khonsolo ya mzinda, a Malawi Housing Corporation, kapena ndi malo a mfumu? Ofesi ya mwini maloyo ndiyo imatsimikiza dzina limene lili m'kaundula. Ngati nyumba ili ndi lizi, apite kapena atume loya ku kaundula wa malo ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu kukafufuza ngati dzina la wogulitsa ndi lomwelo, ngati nyumbayo siinaperekedwe chikole kubanki, komanso kuti lizi yatsala ndi zaka zingati. Malamulo a malo anasintha mu 2016 ndi mu 2022, kotero malangizo a mnzake amene anagula kalekale sangakwanire. Nyumba ya masiye imafuna kusamala koposa: wogulitsa aonetse chikalata cha khoti chomupatsa mphamvu pa chumacho, ndipo mayi wamasiye ndi ana akhale akudziwa. Mwana mmodzi akagulitsa mwamseri, mlandu umatha zaka wogula ali panja.

Pamtengo wa nyumba awonjezere zina zimene zimaiwalika: loya, katswiri woyesa mtengo wa nyumba, msonkho wa sitampa, ndi chikalata cha Malawi Revenue Authority chofunika posintha umwini. Afunsenso malisiti a msonkho wa khonsolo, a madzi ndi a ESCOM, kuti asalandire ngongole za eni ake akale.

Nyengo yoyendera nyumba ili ndi kanthu. Mu October bwalo lililonse limaoneka louma ndi labwino. Mu January ndi February ndi pamene denga lodontha, msewu wamatope ndi chimbudzi chodzaza madzi zimadziulula. Namondwe wa Freddy, mu March 2023, anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, ndipo anthu ambirimbiri anataya moyo. Ku Lilongwe, okhala kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi amadziwa zimene madzi amachita. Nyumba yotchipa modabwitsa m'malo otere yatchipa pa chifukwa. Wogula acheze ndi oyandikana nayo awiri kapena atatu wogulitsa palibe, abwerenso ndi mmisiri wake woti aone ming'alu ndi mitengo ya denga.

Zonse zikakhala bwino, ndalama zidutse kubanki kapena kwa loya, osati m'chikwama, ndipo gawo lomaliza liperekedwe pokhapokha chilolezo chosinthira umwini chitatuluka ndipo wogulitsa wasayina pamaso pa mboni.