Phunziro: Bwanji ena amadumpha mzere kuchipatala?

Nthawi ya dzinja malungo akavuta, mabenchi a pachipatala cha St. Michael's ku Guilleme amadzaza mmawa. Amayi amafika ana ali kumbuyo, timabuku ta chipatala tili m'manja. Ena amachita kulawira kukali mdima. Ndiye zimawawa kuona namwino akutenga mwana amene wangofika kumene n'kulowa naye, anzake akali panja. Ena amayamba kung'ung'udza kuti pali ziphuphu kapena chibale.

Kuchigayo woyamba kufika ndiye amayamba kugayitsa. Kuchipatala lamulo ndi lina: amayamba ndi amene moyo wake uli pachiswe.

Njira imeneyi imatchedwa ETAT, ndipo gwero lake lili m'Malawi momwe muno. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux anaona kuti ana ambiri ankamwalira tsiku lomwe afikira, ena atataya nthawi pamzere. Mu 2001 anatsegula malo olandirira ana odwala mwakayakaya, ndipo anaphunzitsa ogwira ntchito kusankha odwala pakhomo pomwe. Kale, mwa ana 100 alionse ogonekedwa, 10 mpaka 18 ankamwalira. Zitasintha, chiwerengerocho chinatsika kufika pa 6 mpaka 8. Bungwe la WHO linafalitsa njirayi mu 2005, ndipo lero ikugwira ntchito m'mayiko ambiri.

Kusankhaku sikutenga nthawi. Wophunzitsidwa bwino amayenda pamzere, namuyang'ana mwana, namukhudza m'manja, ndipo mphindi isanakwane amakhala atadziwa gulu lake. Magulu alipo atatu.

Gulu loyamba ndi la ana ofunika thandizo pompopompo. Awa ndi amene atsamwa, akubanika kwambiri, akomoka, agwidwa ndi linjirinjiri, manja awo azizira, kapena atsegula m'mimba mpaka maso kulowa ndi thupi kulefuka. Mwana wotere safunsidwa za kabuku. Amathamangira naye kukamupatsa mpweya, diripi kapena mankhwala.

Gulu lachiwiri ndi la ana opita kutsogolo kwa mzere. Muli khanda losakwana miyezi 2, mwana wotentha thupi kwambiri, woyera m'manja chifukwa cha kuchepa kwa magazi, wotupa mapazi onse awiri, wopsa ndi moto, womwa poizoni, komanso wobwera ndi kalata yochokera kuchipatala china.

Gulu lachitatu ndi la otsala onse, monga a chimfine ndi zidzolo. Awa amadikira nthawi yawo. Koma matenda a mwana amasintha msanga, choncho mayi akaona kuti mwana wayamba kupuma movutikira ali pabenchi, aimirire ndi kuitana namwino. Si mwano ayi. M'zipatala zina ngakhale alonda a pageti ndi okolopa amaphunzitsidwa zizindikirozi, chifukwa ndiwo amayamba kukumana ndi odwala.

Mzere umafupikanso odwala akagawidwa bwino. M'midzi yakutali ndi chipatala, alangizi a zaumoyo amathandiza ana osakwana zaka 5 odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Mwana wothandizidwa kumudzi tsiku loyamba sadzafika ku Guilleme ali wofooka tsiku lachitatu. Ofuna malangizo angathenso kuimba 929, nambala ya Chipatala cha pa Foni, yomwe ndi yaulere. Matenda akakula kuposa mphamvu za chipatala cha mishoni, wodwala amatumizidwa kuchipatala cha boma ku Mchinji, ndipo kukalepherekanso kumeneko amapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kalata yotumizira isasiyidwe, popeza ndiyo imamupititsa kutsogolo akafika.

Mafunso

1. Kodi njira ya ETAT inayambira pachipatala chiti?
2. Tchulani zizindikiro zitatu za mwana wofunika thandizo pompopompo.
3. Mayi achite chiyani mwana akasintha ali pamzere?
4. Ndi matenda ati amene alangizi a zaumoyo amathandiza kumudzi?

Ntchito

Lembani nambala ya Chipatala cha pa Foni m'kope mwanu. Kenako kambiranani awiriawiri: kuchokera m'mudzi mwanu kukafika ku Guilleme usiku, mungayende bwanji ndi mwana wobanika, ndipo mungadzutse ndani?