NTHENDA YA MAWANGA PA NKHUMBA

Acikumbi ambiri olima cimanga ndi fodya amawetanso nkhumba ziwiri kapena zitatu kuseri kwa nyumba, pakuti madeya sasowa, ndipo ndowe zace zikometsa munda. Mwezi uno tifuna kukamba za nthenda ina ya nkhumba imene madotolo a ziweto aicha erysipelas. Ife tidzaicha nthenda ya mawanga, cifukwa ca maonekedwe ace pakhungu.

Cimene cidwalitsa nkhumba ndico kacirombo kosaoneka ndi maso, ka mtundu wa bakiteriya, dzina lace Erysipelothrix rhusiopathiae. M'caka ca 1883, ku France, Louis Pasteur ndi mnzace Louis Thuillier anapanga katemera woyamba wa nthendayi. Anapititsa kacirombo m'matupi a akalulu, kucokera kwa wina kunka kwa wina, kufikira ukali wace pa nkhumba unacepa. Kuyambira pomwepo kunadziwika kuti ukali wa kacirombo ukhoza kukwera kapena kutsika.

Tonse tidziwa kuti cimanga ca makolo cisiyana ndi ca haibulidi, cingakhale conse ndi cimanga. Kaciromboka kali cimodzi-modzi. Akatswiri apeza mitundu yace yoposa 20, naipatsa manambala, koma m'nkhumba zodwala mupezeka maka-maka mitundu itatu: 1a, 1b ndi 2. Pamene nkhumba zirikufa msanga-msanga, kawiri-kawiri wopezekapo ndiye 1a. Alipo mbale wace, Erysipelothrix tonsillarum, amene anapatsidwa dzina lace-lace mu 1987. Iyeyu angokhala kukhosi kwa nkhumba osaidwalitsa kweni-kweni.

Nanga ukali ucokera kuti? Kacirombo kaukali kali ndi cobvala cimene ciletsa asilikali a m'magazi kukaononga. Katulutsanso madzi opweteka mitsempha ing'ono-ing'ono ya magazi, ndipo ndi cifukwa cace khungu lifiira. Kunja kwa thupi lace kuli kacizindikiro kochedwa Spa, ka mitundu itatu, A, B ndi C, ndipo katemera aphunzitsa thupi la nkhumba kuzindikira kameneka. Mwai wathu ndi wakuti tizirombo tambiri ta nkhumba tiri ndi mtundu wa A, umenenso uli m'katemera. Zonsezi zalembedwa m'cibadwa ca kacirombo, cimene acicha DNA, ndipo cibadwaco cimasintha pang'ono-pang'ono. Ku Japan, kuyambira 2008, kunabuka mbadwo watsopano wa 1a umene unapha nkhumba zambiri modzidzimutsa. Akatswiri anauzindikira ndi kusintha kumodzi kokha, pa malo a 203 a kacizindikiro kaja.

Tsono mwini khola asanene kuti, nthenda iyi ndiidziwa, inadza caka catha nipita yokha. Ya caka cino ikhoza kukhala ya mtundu wina. Nthawi zina nkhumba ingopezeka yakufa m'mawa. Nthawi zina ikana cakudya, igona pansi, thupi litentha kufika 41 kapena 42 pa muyeso wa Celsius, ndipo pamsana ndi m'nthiti pabuka mawanga ofiira otukuka, a ngondya zinai. Pa nkhumba yakuda saoneka bwino. Apapaseni ndi dzanja lobvekedwa. Zina zicira, koma kacirombo katsala m'mfundo za miyendo kapena mumtima, ndipo nkhumba itsimphina, ileka kunenepa, niingotha madeya cabe. Zobvutika koposa ndizo za miyezi itatu kufikira zaka zitatu.

Cenjerani pa cinthu cimodzi. Kuno kwathu kuli cigodola ca nkhumba, cimenenso cidza ndi kutentha thupi ndi kufiira khungu, koma ico ciribe mankhwala. Nthenda ya mawanga imva jekeseni wa penisilini, ndipo nkhumba yobayidwa msanga iyamba kudya patapita tsiku limodzi kapena awiri. Maso a mcikumbi sangathe kusiyanitsa ziwirizi pa tsiku loyamba. Cifukwa cace patulani yodwalayo, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo musaiphe mwacangu kuti mukagulitse nyama, monga acita ena poopa kutaya ndalama.

Pa nkhumba khumi zooneka zamoyo bwino, zitatu kufikira zisanu zisenza kacirombo kukhosi, nizimakatulutsa m'malobvu, m'ndowe ndi m'mikodzo. Nkhumba yogula kwina, ingakhale yonona, ikhoza kudza ndi mtundu umene zanu sizinakomane nao. Isungeni m'khola la payokha masabata anai. Sesani ndowe masiku onse, tsukani zodyeramo, ndipo musapatse nkhumba zotsala za nyama yaiwisi, pakuti mcere ndi utsi sizipha kaciromboka. Kumene katemera apezeka, funsani mlangizi za nthawi yobaya nkhumba zazikazi zobereketsa.

Munthu ayenera kusamala nayenso. Wopha nkhumba yodwala ali ndi bala kudzanja atha kutupa cala, cifiira nicimanyerenyetsa. Wotere apite kucipatala, ndipo anene kuti anagwira nyama ya nkhumba.