Mayi Akapita Padera: Zoyenera ndi Zosayenera

Mwa amayi 10 aliwonse amene adziwa kuti ndi oyembekezera, mmodzi kapena awiri amapita padera, kawirikawiri mimba isanakwane milungu 13. Pafupifupi theka la mimba zochoka msangazi zimachoka chifukwa mwanayo sanapangike bwino kuyambira pachiyambi, ndipo palibe amene akanaletsa. Chimene chimapha amayi ndi kuchedwa kupita kuchipatala, magazi akutayika kapena matenda atalowa m'chiberekero.

Magazi akayamba

Zoyenera: Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mapadi awiri akunyoweratu pa ola limodzi, kapena mukumva chizungulire, funani galimoto nthawi yomweyo. Ululu waukulu mbali imodzi ya chinena ungatanthauze kuti mimba yakhala kunja kwa chiberekero, ndipo ikaphulika magazi amatayikira m'kati.

Zosayenera: Musadikire kuti kuche, kapena kuti bambo abwere kudzavomereza ulendo.

Zotsalira m'chiberekero

Zoyenera: Lolani anamwino aone ngati zonse zatuluka. Zotsalira amazichotsa ndi mapiritsi a misoprostol, apo ayi amakukolopani ndi kachipangizo kopopa. Ngati magazi anu ndi a gulu la Rh negative, funsani za jekeseni wa anti-D, amene amabayidwa pasanathe maola 72.

Zosayenera: Musamwe zitsamba kapena kulowetsa kanthu kumusi pofuna kutsuka m'mimba. Matenda amalowera pomwepo.

Mukabwerera kunyumba

Zoyenera: Malizani mankhwala onse, kuphatikizapo owonjezera magazi. Ndiwo zikhale usipa, nyemba, bonongwe. Thupi likatentha, kumusi kukamatuluka zonunkha, bwererani msanga, chifukwa matendawa akalowa m'magazi amapha m'masiku ochepa.

Zosayenera: Musagonane magazi asanasiye.

Kwa bambo, apongozi ndi anansi

Zoyenera: Mutungireni madzi, muphikireni, musiyeni alire. Mimba ya miyezi iwiri nayonso imakhala kuti anaikonzekera. Bambo nawonso afunseni kuti mwadzuka bwanji.

Zosayenera: Musaloze chala mtondo, khasu kapena ndowa imene anasenza, chifukwa ntchito za tsiku ndi tsiku sizichotsa mimba. Musasake mfiti, ndipo musamunong'oneze kuti wachotsa dala. Mawu oti "ndinu ana, mudzabereka wina" asungeni kaye.

Mimba yotsatira

Zoyenera: Mayi angathe kutenganso pakati patangopita milungu iwiri, choncho kambiranani za kulera musanatuluke m'chipatala. Mukadzaima, yambani sikelo msanga. Kumeneko adzakuyezani chindoko ndi kuchuluka kwa magazi, adzakupatsani neti, ndipo mimba ikakwana milungu 13 mudzayamba kumwa Fansidar woteteza ku malungo.

Zosayenera: Musabise mimba mpaka ionekere poopa maso a anthu. Mukapita padera katatu motsatizana, musangoti ndi tsoka. Pemphani kalata yokaonana ndi dokotala wa amayi, akafufuze shuga, chithokomiro ndi chiberekero. Ambiri otere amadzabereka bwinobwino.